Sipanala ndi Vuto la Mitundu

Mawu akuti mtundu ndi adyera, amagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Mukandifunsa mtundu wa ulusi uli pa makina angawa, ndikuuzani kuti ndi wofiira. Mukandifunsa mtundu wa makinawo, ndikuuzani kuti ndi opalasa ndi mwendo, akale, aphokoso ngati mwini wake. Mukandifunsa mtundu wathu, ndikuuzani kuti ndife anthu a makutu otambalala, okwiya msanga n'kuiwala msanga. Mawu amenewa ndi amene anatsala pang'ono kumulanda mkazi mwana wa achimwene anga.

Mwanayo timamutcha Sipanala. Ndi makaniko, munthu wa ndevu zake, ndipo kuyambira ali wamng'ono matumba ake ankang'ambika ndi zitsulo, wosoka n'kukhala ine. Bambo ake anatisiya kalekale. Anatsala ndi mayi ake, alamu anga, amene khomo lawo layang'anizana ndi langa. Ine ndi alamu timakondana ngati sizasi ndi nsalu: tsiku silidutsa osakumana, ndipo tikakumana wina amachepa.

Sipanala anali ndi chibwenzi chake, mwana wa a Kalipentala a kuseri kwa msika. Ine ndinamutcha Singano tsiku loyamba kumuona, poti ndi wamtali, woonda, ndipo akayankhula amalasa. Amagwira ntchito kushopu kwa bambo ake, ndiye amasankha ndi kudula nsalu zokutira mipando. Zaukwati zinali zitapsa, ine n'kuti nditayamba kale kuyeza alamu m'chiuno n'kumawanamiza kuti aonda.

Ndiye kunatuluka ntchito ku kampani ya sitima zapamtunda. Sipanala anapita, anakhoza zolemba, anakhoza zamanja, n'kutsala zoyeza thupi. Mtima unali bwino, mapapo anali bwino. Atafika pa maso anamutsegulira buku la timadontho tamitundumitundu n'kumuuza kuti atchule nambala yobisika m'timadonthomo. Iye ankangoona timadontho. Anamuuza mwaulemu kuti sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, kuti anabadwa choncho, ndipo kunjanji munthu wotero samulemba, poti kumeneko nyali yofiira ndi yobiriwira ndiye pakamwa pa sitima.

Mawu akamayenda amasintha malaya panjira. Sipanala anaimbira foni Singano ali pamalo okwerera basi, magalimoto akulira, nati, "Andikana. Akuti ndili ndi vuto la mitundu, lobadwa nalo." Singano anakauza mayi ake kukhitchini kuti mnzake ali ndi vuto la mtundu. Mayiwo pokauza amuna awo kushopu, macheka akulira, linali litasanduka vuto la kumtundu. A Kalipentala anazimitsa macheka n'kunena kuti mwana wawo sakalowa m'banja limenelo. Singano anayesa kulongosola kuti ndi za maso chabe, koma bambo anati lobadwa nalo ndi lobadwa nalo, lero ndi maso, mawa n'chiyani? Mtsikana anakwiya, analeka kupita kushopu n'kumangogona kuyang'ana kukhoma.

Ine ndinamva zonsezi Sipanala atabwera m'mawa n'kukhala pa mpando wa makasitomala, atagwira tsaya.

"Wadwala?" ndinamufunsa.

"Ayi, azakhali."

"Akuchotsa kugalaja?"

"Ayi."

"Ndiye ndi Singano wakubaya."

Anafotokoza zonse, maso ali pansi. Za ntchito anati n'zazing'ono, magalimoto akufa sadzatha padziko. Koma za Singano ndiye zinkamuwawa. Asanamalize, alamu analowa ndi tsache m'manja, poti khutu lawo limafika pakhomo panga iwo asanafike.

"Izi n'zakwanu, alamu," anatero. "Kwathu kulibe zimenezi. Kwathu timaona nsabwe pamutu pa munthu ali tsidya la msewu."

"Kwanu mumaonadi," ndinatero ine. "Munaona achimwene anga ali pa njinga yobwereka n'kuyesa ndi yawo."

Ndinatsegula bokosi la ulusi n'kutulutsa wofiira wa psuu ndi wobiriwira wowala. Umenewo Sipanala anatchula bwino, ngakhale anayamba waupendeketsa kuwindo. Ndinatulutsa wofiira woderapo, wobiriwira woderapo ndi wa khofi. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Aza, utatuwu ndi umodzi."

"Nanga mawaya a m'galimoto umalumikiza bwanji zaka zonsezi?"

"Ndimatsata komwe achokera. Ndikakayika ndimafunsa mnzanga ngati ndikumuyesa mayeso."

"Nanga maloboti a pamsewu?"

"Lapamwamba ndi ima, lapansi ndi pita. Ndimayesa aliyense amatero."

Ndinati tipite tonse kwa adokotala a maso tikafunse komwe zachokera, poti munthu sungakakambirane ndi a Kalipentala chinthu chimene iwe mwini sukuchidziwa mutu wake ndi mchira wake. Alamu anavomera msanga, pofuna kukandionera ndikuchita manyazi. Tinagwirizana kuti amene zipezeke kwawo asesa pakhomo pa mnzake mpaka mvula itagwa.

Chipinda cha a maso chinali chozizira, chonunkhira mankhwala opukutira pansi. Pakhoma panali zilembo zoyamba zazikulu n'kumachepa potsika ngati ana a mayi mmodzi, ndi kabati ya mafelemu a magalasi. Adokotala anali mtsikana wa msinkhu wa Singano, woseka ndi maso. Anatulutsa buku lija la timadontho n'kuyamba ndi ine. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma manambala ndimawadziwa chifukwa cha tepi yoyezera. Ndinatchula onse. Alamu nawonso anatchula onse, mokweza ngati akuitana nkhuku. Sipanala pena ankatchula nambala ina, pena ankangopukusa mutu.

"Mwaona," anatero alamu, akundiyang'ana. "Ine ndikuona bwinobwino. Si za kwa ine."

"Nanenso ndaona, alamu. Kapena mwanayu tinamutola pamsika."

"Khalani pansi amayi," anatero adokotala. "Zimenezi zimayenda m'majini."

Alamu, amene anali atangokhala, anadzambatuka atakumbatira chikwama chawo. "Mwana wanga alibe majini, adokotala. Tinamulera m'mapemphero ameneyu."

Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati si majini a mizimu aja ogwetsa anthu, awa ndi dzina chabe la timalangizo ting'onoting'ono tokhala m'kati mwa thupi la munthu aliyense, abusa omwe. Timeneti ndi timene timauza thupi kuti mphuno ikhale yotere, tsitsi lotere, magazi otere.

"Ndiye ndi patani," ndinatero ine. "Ngati ya pepala yodulira diresi."

"Eya, patani. Koma mwana salandira patani imodzi. Pa chinthu chilichonse amalandira ziwiri, ina kwa bambo, ina kwa mayi. Theka uku, theka uku, palibe kholo lopereka zambiri chifukwa choti ndi laukali."

"Mwamva, alamu," ndinatero.

Adokotala anapitiriza kuti malangizo ena ndi aphokoso, limodzi lokha likakhalapo zimaonekera pathupi. Ena ndi ofatsa, akakhala pamodzi ndi laphokoso amangoti phee, koma sanafe, alipo, ndipo munthu amatha kupatsira mwana wake chinthu chimene pa iye mwini sichinaonekepo. N'chifukwa chake mwana amatha kulumpha makolo n'kukatengera agogo. Anatinso malangizowa amamangidwa m'mitolo, mitoloyo n'kumayenda iwiriiwiri ngati nsapato. Pa mitolo yonseyo pali iwiri imene imagamula kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Anajambula papepala. Mkazi ali ndi X ndi X. Mwamuna ali ndi X ndi Y.

"Ma X awiri okha?" ndinafunsa. "Ine aphunzitsi ankandipatsa tsamba lonse."

"Amenewo sapatsirana, musadandaule. Tsono malangizo oonera chofiira ndi chobiriwira amakhala pa X. Y ndi kamtolo kakang'ono, mulibe zimenezo. Mwana wamwamuna Y amatenga kwa bambo, apo ayi sakanakhala mwamuna. X wake mmodzi yekhayo amatenga kwa mayi. Akakhala kuti X ameneyo ali ndi polakwika, palibe womuthandiza. Pomwe mkazi ali ndi awiri, wina akalakwika mnzake amagwira ntchito, iye n'kumaona bwinobwino osadziwa kuti wanyamula kanthu."

"Sipeya," anatero Sipanala, koyamba kuyankhula.

"Ndendende. Mkazi amayenda ndi tayala la sipeya, mwamuna alibe."

Ine ndinkayang'ana kudenga kuti ndisaseke, poti kuseka munthu atagwa kumafuna ayambe wadzuka. Alamu anayang'ana pepala lija, kenako anayang'ana manja awo.

"Bambo anga sankatumidwa tomato," anatero mwapansipansi. "Mayi anawaletsa. Ankabwera ndi wosapsa n'kumakangana kuti ngwakupsa. Tinkati n'kuumira, akufuna wotchipa."

"Mwina ndi komweko," anatero adokotala. "Bambo wotero ana ake onse aakazi amanyamula, poti X amene ali naye ndi yemweyo, alibe wina woti awapatse."

Ndinafunsa zimene ndinadzera. Kodi zimakula mpaka munthu kuchita khungu? Anati ayi, mmene anabadwira ndi momwemo mpaka imvi. Mankhwala? Anati palibe, ndipo si matenda opweteka kapena opha. Nanga ana a Sipanala? Anati aamuna sangatengere kwa iye ngakhale pang'ono, poti iye adzawapatsa Y. Aakazi onse adzanyamula koma aziona bwino, pokhapokha ngati mayi wawo nayenso ananyamula. Zikatero, mwana wamkazi atha kulandira olakwika awiri n'kukhala ngati bambo ake, ndipo wamwamuna atha kutengera kwa mayiyo.

"Atha kapena adzatero?"

"Atha. Mayi wonyamula ali ndi X wabwino ndi X wolakwika, mwana amatenga mmodzi. Zili ngati kuponya batani m'mwamba, ligwa chagada kapena chafufumimba. Ndipo mimba iliyonse mumaponyanso, batani silikumbukira mmene linagwera chaka chatha."

Pobwerera m'basi, titadutsa msika, alamu anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Ndiye ndine ndamudyera ntchito mwana, ndamudyeranso banja."

"Munasankha?" ndinawafunsa. "Munamupatsanso mano oyera ndi miyendo yowongoka. Kwathu anangotengako makutu, ndipo sitinapepesepo. Za tsache zija muyambe mawa, kuseri kwa bafa muzifikako."

Anandimenya ndi chikwama paphewa, ndinadziwa kuti achira.

M'mawa mwake ndinavala diresi langa la maluwa, ndinaponya maulusi angapo m'chikwama n'kupita kwa a Kalipentala ndekha. Sipanala ankafuna kunditsata, ndinamuuza kuti nkhope yake ya maliro ija ikandiwonongera nkhani.

Shopu ya a Kalipentala ndi yaitali ngati khola la nkhuku, ya malata, utuchi mpaka m'akakolo. Kukhomo kuli matabwa oimika, pakati benchi ya mbano yopanira matabwa ndi macheka a magetsi, kumapeto ndi kokutira mipando, komwe kuli masiponji ndi mipukutu ya nsalu pa shelefu. Eni ake ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, pensulo kukhutu. Ndinawapeza akukhomerera nsalu pa mpando, timisomali tili kukamwa.

"Odi, asewele," ndinatero.

Analavulira timisomali m'dzanja. "Usewele umenewo sunafike, mayi. Koma lowani, khalani apo."

Ndinakhala pa chitsa cha thabwa n'kuyamba ndi za nyengo, za mitengo kusowa, za bondo langa. Maso anga ndi a telala, sakhala malo amodzi. Kukhoma kunali mipando ya pathebulo lodyera itandandalikidwa, yomalizidwa kale, ya nsalu ya khofi wofiirira. Umene ankakhomawo unali womaliza pa gululo, miyendo yofanana, msana wofanana. Nsalu yake inali yobiriwira moderapo, ngati tsamba la mango lokalamba.

"Ntchito yabwino," ndinatero. "Ya munthu mmodzi yonseyi?"

"Ya munthu mmodzi. Abwera madzulo ano kudzatenga. Nsalu inandithera pa womalizayu, mwayi ndapeza mpukutu wina wofanana pashelefu."

"Wofanana."

"Eya. Nanga mwana uja akugona kunyumba ngati wodwala, ndichita kudzisankhira ndekha."

Mulungu amapatsa nthabwala anthu ngati ine pa nthawi imene sitiyenera kuseka. Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa maulusi atatu aja, wofiira woderapo, wobiriwira woderapo ndi wa khofi, n'kuwaika pa benchi.

"Bambo, maso anga akukalamba. Tandithandizani, wa khofi ndi uti apa?"

Anayang'ana mwachidule. "Onsewa ndi a khofi. Akazi mumachulukitsa mitundu. Mkazi wanga amati ichi n'chofiirira, icho n'chakuti, pomwe chinthu ndi chimodzi. Mwana ujanso ndi choncho, kuyambira ali wamng'ono kumanditsutsa pa nsalu, mpaka ndinangomusiyira kuti mkangano uthe."

"Anthu a mipandoyi ananena kuti akufuna isanu ya khofi, umodzi wobiriwira wa mlendo?"

"Wobiriwira uti?"

Ndinaloza. Anayang'ana mpando, anayang'ana ine, anayang'ananso mpando. Anaunyamula n'kukauimika pakati pa inzake, n'kubwerera m'mbuyo atapinda manja.

"Mayi, ine ndamva kuti ndinu wa nthabwala. Pano ndi pa ntchito."

"Itanani aliyense wodutsa pamsewu."

Anatulukadi. Panja pankadutsa mayi wina wogulitsa nthochi, anamukodola n'kumufunsa ngati mipandoyo ili yofanana. Mayiyo anati ndi yokongola, koma wapakatiwo bwanji mwauveka yunifolomu ya asilikali? A Kalipentala anagula nthochi ziwiri zimene sankazifuna n'kumuuza kuti azipita. Anabwerera, anakhala pa benchi, anachotsa pensulo kukhutu n'kumaitembenuza m'manja.

Ndinavula nsapato, ndinakwera pa chitsa n'kuyamba kufufuza pashelefu. Kuseri kwa masiponji ndinapeza chidutswa cha nsalu ya khofi ija, chokwanira mpando umodzi munthu akadula mosamala. Ndinapempha sizasi ndi chozulira misomali.

"Zulani yobiriwirayo, ine ndidule iyi," ndinatero. "Tizikamba manja akugwira."

Anayamba kuzula. Patapita nthawi anafunsa, osandiyang'ana, "Ndiye zimene ali nazo mnyamata wanu ndi zimenezi?"

"Zimenezi basi. Vuto la mitundu ya zinthu. Mawu anapindika panjira."

"Koma n'zobadwa nazo."

"N'zobadwa nazo, n'zakumtundu ndithu, pamenepo simunalakwe. Koma mtundu wake ndi wa mayi ake, ndipo njira yake ndi yokhota."

Ndinayala maulusi pa benchi. Awiri ofanana kutalika ndinati ndi mkazi. Wautali ndi kachidutswa ndinati ndi mwamuna. Ndinawauza za patani ziwiri, za X ndi Y, za tayala la sipeya, monga ndinamvera kwa adokotala. Mawu akuti majini ndinawasiya, tsikulo zodzidzimutsa zinali zitakwana. A Kalipentala ndi munthu woyeza kawiri asanadule, ankandiimitsa n'kumabwereza okha ndi chala.

"Ndiye ine ndinatenga kwa mayi anga."

"Eya."

"Anyamata anga awiri aja sindinawapatse."

"Simunawapatse. Munawapatsa kachidutswa."

"Koma mtsikanayu..." Chala chinaima pa ulusi wautali.

"Munamupatsa umene muli nawo. Munalibe wina. Iye amaona bwino chifukwa cha wa mayi ake, koma wanyamula. Kaya akwatiwe ndi Sipanala, kaya ndi dokotala, kaya ndi woyendetsa ndege, mwana wake aliyense wamwamuna ndi batani loponya m'mwamba. Chimene mukuthawa kwathu chili kale m'nyumba mwanu, chimadya nanu m'mbale imodzi."

Apa ndikanatha kulekera pomwepo, nkhani inali itandikomera. Koma nsalu yobisa pong'ambika imabwerera kwa telala. Ndinapitiriza.

"Palinso china, ndinene ndekha musadzamve kwa ena. Akakwatiwa ndi mwamuna woona bwino, ana ake aakazi onse aziona bwino. Akakwatiwa ndi wathuyu, wamkazi nayenso ndi batani, poti kwa bambo alandira wolakwika ndithu, kwa mayi n'kudikira mwayi. Ndiye mutha kudzakhala ndi mdzukulu wamkazi wogula tomato wosapsa. Mtengo wake wa Sipanala ndi umenewo, sindikuchotserapo."

Anazula msomali womaliza n'kufunyulula nsalu yobiriwira ija. Anaipinda bwinobwino, ngakhale inali yobookabooka.

"Zimapha?"

"Inu mwafa?"

Anaseka pang'ono m'mphuno, kenako nkhope inabwerera mwakale. "Mayi, mukuyesa ndine munthu wouma mtima. Ine ndili ndi mlongo wanga. Anabereka ana anayi, awiri tinakaika m'manda asanayambe ndi sukulu yomwe. Ankatupa manja, kulira mafupa, magazi kumangotha, lero kuchipatala mawa kuchipatala. Sikoselo, amatero achipatala. Mabokosi ake ndinakhoma ndine, pa benchi yomweyi. Anatiuza kuti ndi matenda a kumtundu, ndipo amabwera bambo ndi mayi akakhala kuti onse ananyamula, eni ake ali bwinobwino osadwala. Ndiye ine nditamva kuti kumtundu, sindinamvenso china."

Ndinasiya kudula. Nthabwala zonse zinandithawa.

"Pepani, bambo. Zimenezo sindinkazidziwa."

"Sitizikambakamba. Mwana uja anali wakhanda, sakudziwa bwino."

Tinapitiriza ntchito. Ine ndinkakoka nsalu kuti ikhale yosalala pa siponji, iwo n'kumakhoma. M'makona ndinkapinda ngati kolala ya malaya, anayang'ana n'kugwedeza mutu kuti zili bwino.

"Za sikoselo ine sindinafunse, sindinama," ndinatero. "Koma ngati mlongo wanu ananyamula, inunso mutha kukhala mutanyamula, Singano chimodzimodzi. Ndipo kumukaniza Sipanala sikuchotsa zimenezo. Adzabwera wina wa maso akuthwa ngati a mphamba, mudzamulandira ndi manja awiri, osadziwa zili m'magazi mwake."

"Achipatala ananena kuti amayeza," anatero pang'onopang'ono. "Kungotenga magazi pang'ono, n'kudziwa ngati munthu wanyamula."

"Ndiye mukulimbana ndi ulusi bwanji pomwe choyezera chilipo?"

Anakhoma msomali womaliza, anatembenuza mpando n'kuuimika pakati pa inzake. Anandiyang'ana.

"Yafanana?"

"Yafanana."

"Mukunena zoona, kapena mwayamba zija?"

"Itananinso wa nthochi."

Anapukuta manja pa epuloni n'kutulutsa foni. Ndinamva mbali yawo yokha. "Iwe, dzuka. Ayi, sindikukalipa. Uuze makaniko wako uja kuti nonse awiri mupite kuchipatala mukayezetse magazi, za sikoselo. Ndidzakulongosolera kunyumba. Mukapezeka kuti nonse mwanyamula, tikhala pansi tikambirane ngati akuluakulu. Mukapanda kutero, ine ndilibe mawu." Anamvetsera pang'ono. "Za masozo zisiye. Ubwere kuno, pali nsalu zofuna kusankha." Anamvetseranso, nkhope ikuchita ngati walumidwa ndi nyerere. "Wakuuza ndani kuti ndasokoneza? Palibe chimene ndasokoneza. Ubwere basi."

Anapita ana aja. Masiku odikira zotsatira Sipanala anaonda, mathalauza ake onse anabwera kwa ine kudzachepetsedwa m'chiuno. Ine ndinkamuseka masana, koma kunena zoona ulusi unkandiduka pa makina kawirikawiri sabata imeneyo, poti nkhaniyi inali itachoka m'manja mwanga ndipo pakamwa panga panalibenso ntchito. Zotsatira zitatuluka, Singano anapezeka kuti ananyamuladi sikoselo, mwina kuchokera kwa bambo ake omwewo. Sipanala alibe. Achipatala anawauza kuti ana awo ena atha kunyamula ngati mayi wawo, koma wodwala sipadzakhala, poti mbali imodzi yokha siikwanira.

A Kalipentala atamva anatuma mawu kwa mlongo wawo kuti ana otsala aja nawonso akayezetse asanapeze mabanja. Madzulo ake anaitana Sipanala n'kumupatsa mpando. Akuti anakambirana za mawaya, za maloboti, ndi za mmene akazi amachulukitsira mitundu, mpaka tiyi kuzizira.

Loweruka lotsatira ndinaona bambo wamfupi ataima pakhomo panga, pensulo kukhutu, Singano ali pambuyo.

"Odi, asewele," anatero.

"Usewele wafika liti?"

"Musandivutitse. Ndikufuna suti ya paukwati, ya khofi. Yezani."

Ndinawayeza mapewa, mikono ndi mimba, ndinawauza kuti mimbayo ndiiwerengera payokha ngati munthu wachiwiri. Kenako ndinatsitsa mipukutu iwiri pashelefu n'kuiyala pathebulo, wina wa khofi, wina wobiriwira ngati chule wa m'dambo.

"Yonseyi ndi ya khofi, asewele," ndinatero. "Sankhani yokukomerani m'manja."

Anaisisita yonse iwiri, anaipendeketsa kuwindo, anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, bwera kuno uyang'ane bwino. Mayi awa ndawadziwa."